Malalanje akutuluka utomoni patsinde, kodi ndisiye mandimu ndiyambe Swingle?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Zóbuè m'boma la Moatize, alemba chonchi: "Ndili ndi kanazale kanga, ndimamezanitsa malalanje ndi manachesi pa mandimu a khungu lokhakhala aja monga aliyense amachitira kuno ndi kutsidya ku Mwanza. Vuto ndi loti anthu amene anagula mbande kwa ine akubwera kudzadandaula kuti mitengo ikutuluka utomoni pansi patsinde, khungwa likuuma n'kumang'ambika, masamba chikasu, kenako mtengo kufa. Mnzanga wina akuti ndisiye mandimu ndipeze njere za Swingle. Kodi akatswiri amadziwa bwanji kuti tsinde lakuti ndi lolimba ku matendawa, nanga ine ndingathe kuyesa ndekha ndisanataye ndalama?"

Zikomo bambo pofunsa. Mnzanuyo sananame, Swingle, mtundu wa tsinde lomezanitsirapo malalanje, ndi yolimbadi ku matenda amene mukufotokozawa, koma musadzuke mawa m'mawa n'kuzula mandimu onse mu nazale ayi, tiyeni tiyambe taona ngati tikukamba matenda amodzi.

Zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi gomose, ma extensionista athu, alangizi a zaulimi, amatchula choncho. Kuti mutsimikize pitani pa mtengo umodzi wodwala ndi mpeni wakuthwa, palani khungwa pang'ono m'mphepete mwa balalo. Mukapeza kuti kunsi kwa khungwa kuli bulauni monyowa, ndipo malire a pakufa ndi pamoyo akuoneka bwinobwino, koma mtengo weniweni wamkatiwo sunaole mozama, ndiye ndi yomweyo. Kwezaninso maso m'mwamba, nthawi zambiri nthambi za mbali imene kuli bala ndi zimene zimayamba chikasu, kuyambira m'mitsempha ya masamba. Bala likazungulira tsinde lonse chakudya chopangidwa m'masamba sichitsikanso kumizu, mtengo umatulutsa maluwa ambiri ndi tizipatso ting'onoting'ono, mwini n'kumasangalala kuti chaka chino kwabereka, kenako basi wauma.

Chimene chimayambitsa ndi Phytophthora. Timangoti fangasi poyankhula, ngakhale asayansi amaiika m'gulu lina lake, ndipo ndi m'bale wake wa matenda aja amaotcha mbatatesi ndi tomato ku Angónia ndi ku Tsangano mvula ikachita mvumbi, n'chifukwa chake mankhwala ake amafanananso. Imakhala m'dothi. Dothi likakhuta madzi imatulutsa timbewu tosaoneka ndi maso timene timasambira m'madzimo, kusambira kwenikweni, tili ndi timichira, mpaka tipeze muzu wanthete kapena bala pakhungwa. Pa malalanje mitundu yovuta kwambiri ndi iwiri, Phytophthora nicotianae imene imakonda kutentha ndi Phytophthora citrophthora imene imachita bwino kukamazizira. Ndiye chigawo chathu cha Tete mukuchidziwa, kumunsi mumzinda wa Tete ndi m'mbali mwa Zambezi kumatentha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, pomwe kumtunda ku Ulóngue ndi ku Tsangano mu Juni munthu umafuna bulangete ziwiri. Tsinde limene lapirira kwina silikutanthauza kuti lipiriranso kwina, mfundo iyi muisunge, tidzaifuna tikafika poyesa.

Osati utomoni uliwonse ndi gomose komanso. Mtengo wa lalanje ukavulala ndi khasu, moto wa lupsa, chiswe kapena mbuzi umatha kutulutsa utomoni. Palinso mafangasi ena monga Lasiodiplodia amene amalowa pa nthambi zopsa ndi dzuwa kapena zodulidwa moipa, awa mumawapeza m'mwamba m'nthambi ndipo amadetsa mtengo mpaka mkati. Ngati bala layambira pansi pafupi ndi dothi, likukwera, ndipo limakula nyengo ya mvula n'kuima m'chilimwe, ganizani Phytophthora.

Tsopano mandimu anuwo. Amene anayamba kumezanitsa pa mandimu okhakhala sanali opusa. Njere zimapezeka paliponse mwaulere, zimamera msanga, mbande imakula mofulumira moti simuchedwa kuika diso, kamphukira ka lalanje komezanitsa kaja, mizu imapita pansi kwambiri ndiye mtengo umapirira chilala ndi dothi la mchenga, ndipo chachikulu samaopa matenda a vayirasi otchedwa tristeza. Kufooka kwake n'kumeneku mwakuonaku, khungwa lake ndi mizu yake sizilimba ku Phytophthora, makamaka pa dothi la makande losunga madzi. Komanso zipatso za pa mandimu zimakhala zazikulu koma za khungu lochindikala ndi madzi osatsekemera kwenikweni.

Ndatchula tristeza dala, chifukwa mbiri ya masinde a malalanje padziko lonse yakhala ya kuthawa matenda awiriwa. Gomose inayamba kudziwika kwambiri m'zaka za m'ma 1830 pomwe inawononga minda ya malalanje pa zilumba za Açores, kenako inafalikira maiko a ku Mediterranean. Nthawi imeneyo mitengo yambiri inali yongomera pa njere za lalanje lotsekemera, lomwe ndi lofooka kwambiri ku matendawa. Alimi anaona kuti lalanje lowawasa lija, laranja azeda, silimafa, ndiye pafupifupi dziko lonse linayamba kumezanitsa pa ilo. Zinayenda bwino mpaka vayirasi ya tristeza, imene imafalitsidwa ndi nsabwe zakuda za malalanje, inafika ku Argentina ndi ku Brazil m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, mitengo mamiliyoni yomezanitsidwa pa laranja azeda inafa. Kuno kummwera kwa Africa tristeza ndi nsabwe zakezo zinalipo kale, ku South Africa anaona kalekale kuti malalanje pa laranja azeda sakula bwino, ndicho chifukwa mandimu okhakhala anatenga malo m'chigawo chonsechi. A ku Brazil anathawira ku tsinde la mtundu wina wa mandimu lotchedwa limão Cravo, minda yambiri n'kukhala pa tsinde limodzi lomwelo, ndipo mu 1999 kunatulukira matenda ena amene anawatcha morte súbita dos citros, opha mitengo ya pa Cravo. Choncho wina akakuuzani kuti mezanitsani malalanje kapena manachesi pa laranja azeda chifukwa sigwidwa gomose, kanani, tristeza idzakumalizirani. Ndipo ine sindisangalala kumva nazale yonse ikusamukira ku tsinde limodzi, kaya likhale Swingle.

Nanga akatswiri amayesa bwanji? Ntchito imayambira pa njere. Malalanje ambiri ali ndi khalidwe loti njere imodzi imatulutsa mbande ziwiri kapena zitatu, ndipo zambiri mwa izo zimakhala chimodzimodzi ndi mtengo wa mayi, sizinasakanizike ndi mungu wa mtengo wina. Izi ndi zimene zimafunika. Koma mkati mwake mumatulukanso tina tosakanizika, tofooka kapena tamasamba achilendo, timeneti amatizula kaye asanayambe kuyesa, apo ayi udzanena kuti tsinde lakuti ndi lofooka pomwe umayesa mbande ya mtundu wina. Mbande amazikulitsa m'dothi lophika kapena lotenthedwa ndi nthunzi kuti musakhale matenda kale, mpaka tsinde lifike kukula ngati pensulo.

Kuyesa koyamba ndi kwa pakhungwa. Ku labotale amakhala atalima Phytophthora yokhayokha m'timbale tagalasi, pa chakudya chonga phala louma chotchedwa agar, yochokera pa mtengo wodwala ndipo atatsimikiza mtundu wake. Amatenga kachitsulo kozungulira n'kuboola kakhungwa kakang'ono, ka mamilimita 5 kapena kucheperapo, pa tsinde la mbande iliyonse pa msinkhu wofanana kuchokera pansi. Pabowopo amaika kachidutswa ka agar kokhala ndi matendawo, kubwezera kakhungwa kaja, kuphimba ndi thonje lonyowa n'kukulunga ndi pulasitiki kuti pasaume. Mbande zina amaziboola chimodzimodzi koma kuika agar wopanda matenda, kuti adziwe kuti bala la mpeni palokha limaoneka bwanji. Pakatha masabata atatu kapena anayi amamasula, kusenda khungwa mozungulira balalo n'kuyeza ndi rula kuti kufa kwa bulauni kuja kwakwera ndi kutsika mamilimita angati. Pa tsinde lofooka bala limathamanga, utomoni kutuluka, nthawi zina kuzungulira mbande yonse mpaka kufa. Pa tsinde lolimba limangoima pafupi ndi bowo lomwelo, m'mphepete n'kuyamba kupola. Pomaliza amatenga kachidutswa ka m'mphepete mwa bala kubwerera nako ku labotale kuti aone ngati chimene chamera ndi Phytophthora yomwe anaika ija.

Pali tinthu tina timene timaoneka tating'ono koma tikalakwika zotsatira zonse ndi zabodza. Mbande zonse ziyenera kuvulazidwa tsiku limodzi, chifukwa khungwa silikhala lofooka mofanana chaka chonse, nthawi imene mtengo ukuphukira ndipo khungwa likusendeka mosavuta bala limakula msanga kuposa nthawi imene waima. Mtundu uliwonse umafuna mbande zambiri, osati ziwiri, ndipo amazisakaniza pa benchi, osaika Swingle yonse kumthunzi mandimu onse kudzuwa. Ndipo nthawi zonse amaikamo tsinde lodziwika kale kuti ndi lofooka, monga lalanje lotsekemera kapena mandimu okhakhala, ndi lina lodziwika kuti ndi lolimba monga trifoliata, m'bale wa malalanje wa masamba atatu pa kaphesi kamodzi. Nambala ya mamilimita payokha sinena kanthu, imayankhula ukaiyika pambali pa ya masinde awiriwa. Mandimu akapanda kudwala pa kuyesako ndiye kuti matenda amene munaika anali ofooka kapena nyengo sinali bwino, muyambirenso.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa mizu, ndipo kumeneku anthu ambiri amakuiwala. Phytophthora sidya khungwa lokha, imaoletsanso timizu tating'ono tomwera madzi, mtengo n'kumafooka chaka ndi chaka popanda utomoni uliwonse wooneka. Ndiye amabzala mbande m'dothi losakaniza ndi matendawo, n'kumazimiza m'madzi kwa tsiku limodzi kapena awiri, kukhetsa, kudikira, kumizanso, kutsanzira mvula ya Januwale. Pakapita miyezi ingapo amazula, kutsuka mizu, kuwerenga timizu toola, timene khungu lake limavuka ukakoka n'kutsala kaulusi koyera, kenako kuumitsa mizu yonse n'kuiyeza pa sikelo poyerekeza ndi ya mbande zosadwalitsidwa. Apa ndi pamene zimaonekera kuti kulimba kwa khungwa ndi kulimba kwa mizu ndi zinthu ziwiri. Nachesi ya Cleopatra khungwa lake limapirirako ndithu koma mizu yake imaola. Masinde ena amadwala mizu koma amaphukitsa mizu yatsopano msanga moti mtengo suonetsa, Swingle ndi trifoliata zimadziwika ndi zimenezi.

Chachitatu ndi munda weniweni, ndipo uku n'kumene kumatenga zaka zambiri. Amamezanitsa mtundu umodzi wa lalanje, tinene Valencia, pa masinde onse akuyesedwawo, kubzala mosakaniza pa malo odziwika kuti matendawa alipo, n'kumalemba chaka chilichonse mitengo yodwala, yakufa, zokolola ndi kukoma kwa zipatso. Kamtengo ka m'chubu sikangakuuzeni ngati diso ndi tsinde zidzakanane zitatha zaka zisanu, kapena ngati dothi lanu lidzagwirizane nalo. Taonani Swingle yomweyi, Walter Swingle anakwatitsa grapefruit ya Duncan ndi trifoliata ku Eustis ku Florida mu 1907, koma inaperekedwa kwa alimi ngati tsinde mu 1974. Carrizo ndi Troyer, ana a lalanje la Washington navel ndi trifoliata, zinachokera pa kukwatitsa kwa mu 1909 ku Riverside ku California.

Zimene zatuluka m'mayeso otere m'maiko osiyanasiyana zimagwirizana pa zikuluzikulu. Trifoliata ndi Swingle zili pamwamba pa kulimba ku gomose, laranja azeda ili pomwepo koma taichotsa kale chifukwa cha tristeza. Carrizo ndi Troyer zili bwino ndithu ngakhale sizifika pa Swingle. Cleopatra, mandimu a Volkameriana ndi Cravo zili pakati kupendekera kofooka, ndipo pansi pali mandimu okhakhala ndi lalanje lotsekemera. Palibe limodzi mwa awa limene silingadwale konse, Swingle yokwiriridwa m'dzenje lodikha madzi imafa nayonso.

Tsopano inu mungayese nokha? Mbali ina inde. Kuyesa kwa agar kuja ndingakuletseni, kumafuna labotale, ndipo munthu wa nazale kusunga matenda dala pafupi ndi mbande zogulitsa n'kusewera ndi moto. Ngati mukukufunitsitsa pitani ku SDAE ya Moatize, ofesi ya boma yoona za ulimi, mufunse ngati angakulumikizeni ndi a IIAM, bungwe la kafukufuku wa zaulimi, kapena aphunzitsi a zaulimi a UniZambeze ku Ulóngue, ndi ntchito imene wophunzira womaliza maphunziro angaigwire bwino inu mutapereka mbande.

Chimene mungayambe nacho sabata ino n'kuona ngati Phytophthora ili m'dothi. Tengani dothi ndi timizu pansi pa mtengo wodwala, ikani mu beseni lakale, thirani madzi oyera mpaka aphimbe dothi pang'ono, kenako khazikani mandimu awiri atatu aawisi, opanda bala, theka lili m'madzi theka kunja. Ikani pamthunzi. Pasanathe sabata, ngati matendawa alimo, pa mzere wa madzi pamatuluka kuola kwa bulauni kolimba, kosabonyoka ukadina, kokhala ndi fungo lake lake. Chitaninso chimodzimodzi ndi dothi limene mumathira m'machubu anu, ndi mchenga wa kumtsinje ngati mumatapa kumeneko. Pepani bambo koma ndiyenera kunena, nthawi zambiri gomose imachoka ku nazale komwe, mbande imaoneka yabwino pogulitsa koma mizu ili nayo kale, wogula akungokaipatsa madzi. Mandimu a mu beseni la dothi la nazale yanu akaola, ndiye vuto loyamba mwalipeza, ndipo Swingle yokha silithetsa.

Mukafuna kuyerekeza masinde, pezani njere za Swingle, Carrizo ngati ingapezeke, Cleopatra kapena Volkameriana, ndi mandimu anu omwewo. Fesani tsiku limodzi. Swingle ndi Carrizo zenizeni zimakhala ndi masamba atatu pa kaphesi kamodzi, mbande ya tsamba limodzi kapena yooneka mosiyana ndi zinzake zulani. Ndipo dziwani kumene njere zachokera, njere za pamsika zongotchedwa Swingle sindingazikhulupirire. Zikakula, tengani mbande zosachepera 10 pa mtundu uliwonse, ziikeni m'machubu a dothi lochokera pansi pa mitengo yodwala ija, ndi zina 10 m'dothi lomwelo koma mutaliphika mu mgolo wodula. Izi zichitikire kutali ndi nazale, kumunsi kwake kumene madzi sangabwerere, ndi khasu lake, ndowa yake, ndipo mukachoka kumeneko tsukani manja ndi nsapato. Muzimiza machubu m'madzi tsiku limodzi pa masabata awiri aliwonse, pakatha miyezi itatu zulani muyerekeze mizu. Musayerekeze Swingle ndi mandimu mwachindunji chifukwa mandimu mwachibadwa amakula msanga, yerekezani Swingle ya m'dothi lodwala ndi Swingle ya m'dothi lophika, mandimu ndi mandimu anzake, muone amene wataya mizu yambiri. Mukamaliza mbande zonsezo otchani, musagulitse ngakhale imodzi ngakhale ioneke yokongola bwanji.

Koma kuyesa kumene ndimakukhulupirira kwambiri kwa munthu ngati inu ndi kwa m'munda. Sankhani malo oipa, kudimba kapena m'munsi mwa munda kumene madzi amachedwa kuuma ndipo mitengo inafapo kale, chifukwa kuyesa tsinde pa chitunda chouma kuli ngati kuyesa denga m'chilimwe. Mezanitsani maso ochokera pa mtengo umodzi pa masinde onse, msinkhu wa diso ukhale umodzi, bzalani mosakaniza, osati mzere wa Swingle kumtunda mzere wa mandimu kumunsi, pamenepo mudzakhala mukuyesa mtsetse osati tsinde. Jambulani mapu m'kope, chifukwa diso likakula masamba atatu aja simudzawaonanso ndipo timapepala tomangirira timatha ndi dzuwa. Kumapeto kwa mvula iliyonse, mu Epulo, zungulirani mtengo uliwonse mulembe ngati pali utomoni, bala ndi lalitali bwanji ndipo lazungulira mbali yaikulu bwanji ya tsinde. Mukapeza kasitomala mmodzi kumtunda kozizira ndi wina kumunsi kotentha ovomera kubzala mitengo yochepa mwanjira yomweyi, mudzadziwa zimene buku lililonse la ku Florida silingakuuzeni. Nyengo za mvula zitatu zimayamba kuonetsa za gomose, za zokolola zimafuna kupitirira apo.

Swingle ili ndi zake zimene mnzanu mwina sanakuuzeni. Sikonda dothi la laimu wambiri, masamba amachita chikasu chifukwa chosowa ayironi, ndiponso sichita bwino pa makande olemera kwambiri. Siipirira chilala ngati mandimu, ndiye kwa mlimi wa kumchenga kotentha wodalira mvula yokha, wosathirira, mandimu okhakhala kapena Volkameriana akhoza kukhalabe abwino kuposa Swingle, kumeneko gomose si imene imapha mitengo yambiri, ndi ludzu. Mu nazale imakula pang'onopang'ono poyerekeza ndi mandimu, muyembekezere kuchedwa kugulitsa. Tsinde lake limanenepa kuposa mtengo wa pamwamba, pa mfundo pamene munamezanitsa pamaoneka ngati sitepe, zimenezo si matenda muziwauziratu ogula. Palinso mitundu imene imakanana nayo, mandimu a Eureka sagwirizana ndi Swingle, Carrizo kapena Troyer, ndipo ku Brazil amadziwa kuti lalanje la Pera ndi nachesi ya Murcott sizikhalitsa pa Swingle. Manachesi a kwathu kuno ambiri alibe dzina lodziwika, anangochoka pa mtengo kupita pa mtengo, n'chifukwa chake ndikuti yesani ochepa kaye.

Chinanso ndi matenda a exocortis. Mitengo yakale ya m'midzi imatha kukhala ndi kachilomboka osaonetsa chilichonse pamene ili pa mandimu, koma diso lomwelo mukaliika pa trifoliata, Carrizo, Troyer kapena Cravo khungwa la tsinde limayamba kung'ambika n'kumasendeka, mtengo kupinimbira, munthu n'kumati gomose yabweranso. Imayenda pa diso ndi pa mpeni. Moto suipha bwino pa mpeni, viikani mpeni ndi sizasi m'madzi a javel pochoka pa mtengo kupita pa wina, ndipo maso muzitenga pa mitengo yathanzi yodziwika. Kumtunda kozizirako mulinso greening, imene tsinde lililonse silingaitchinge, masamba a chikasu cha mawangamawanga ndi zipatso zopendama zowawa, musaiphatikize ndi nkhani ya gomose polemba m'kope lanu.

Pamene mukudikira zotsatira, zambiri mungakonze ndi mandimu omwewo. Diso muziika pamwamba, masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa dothi. Ndimaona mbande zambiri m'misika ya m'malire muno zomezanitsidwa pafupi ndi dothi penipeni, mvula ikagunda pansi matope amathovukira pa khungwa la lalanje lotsekemera lomwe ndi lofooka kuposa mandimu, ndipo ngakhale pansi patakhala Swingle bala limayambira pamwamba pa mfundo. Machubu asakhale pa dothi lenileni, aikeni pa thandala kapena pa miyala, dothi muziphika kapena kutenga lakuya kumalo kumene sikunakhalepo malalanje, ndipo madzi a pachitsime chakuya ndi abwino kuposa a m'dambo.

Ogula muziwaphunzitsa pogulitsa pomwepo. Ambiri amakumba dzenje lalikulu, kuika mtengo pansi penipeni, kukwirira mpaka mfundo kubisika, kusiya beseni lozungulira tsinde loti madzi azidikhamo, kuunjika manyowa ndi maudzu pakhungwa, kenako nthawi yopalira kukwezera dothi ngati chimanga. Zonsezi ndi kuitana gomose. Mtengo ukhale pa nthumbira, dothi la m'chubu lifanane kapena likwerereko pang'ono pa dothi la munda, madzi azithira mu ngalande yozungulira patali ndi tsinde, manyowa ndi maudzu zisiye mpata wa chikhatho kuchokera pakhungwa, udzu wa patsinde azizula ndi manja osati khasu.

Mitengo yodwala kale ija, ngati bala silinafike theka la kuzungulira tsinde ingapulumuke. Fukulani dothi mpaka mizu ikuluikulu yoyamba ionekere kuti pazipita mphepo, palani khungwa lonse lakufa kufikira pamoyo n'kupitirirako pang'ono, zopalazo otchani, pakani phala la kopa, kaya calda bordalesa yolimba kaya oxicloreto de cobre, ndipo ntchitoyi ichitike kukauma osati mvula ili mkati. Mankhwala a fosetyl-Al, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Aliette, opopera pa masamba amatsika mpaka kumizu, ndipo a metalaxyl monga Ridomil amagwiranso Phytophthora, tsatani zolembedwa pa paketi pa mulingo ndi masiku odikira musanathyole zipatso. Imene bala lazungulira kwambiri izulidwe ndi mizu yomwe, dzenje lisiyidwe padzuwa.

Pali njira ina imene ingakuthandizeni ndi makasitomala okwiyawo mbande zanu za Swingle zikafika kukula ngati pensulo. Bzalani ziwiri kapena zitatu mozungulira mtengo wodwala pafupi ndi tsinde, dulani nsonga ya iliyonse mopendeketsa, ng'ambani khungwa la mtengo waukulu pamwamba pa bala ngati T yozondoka, lowetsani nsongayo kunsi kwa khungwa n'kumanga ndi pulasitiki. Zikagwira mtengo umakhala ndi mizu yatsopano yolambalala balalo, a ku Brazil anagwiritsa ntchito njira yomweyi populumutsa mitengo ya pa Cravo ku morte súbita. Chitani nthawi imene khungwa likusendeka mosavuta, ndipo mphukira zonse zotuluka pa timbandeto muziphotchola zikadali zanthete.